Sukulu imene inalandira Malita

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambiri mumandidziwa kuti ndine amake Malita. Amene munakhalitsa kuno ku Boma mukukumbuka kuti kudooko ankanditcha Giredi Twelofu, kalasi yomaliza ija ya kusekondale. Linali dzina lachipongwe, ndipo ndinadziputira ndekha ndi pakamwa pangapa.

Ndinabadwira konkuno, mwana wa msodzi. Kusukulu mutu wanga unkagwira, ndipo ndinkanyada nazo. Atate ankati sukulu idzandichotsa pamtsinje, ndikakhala mu ofesi ku Lusaka, manja anga sadzanunkhanso nsomba. Ndinakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Kwa ine sukulu inali njira yothawira kuchoka kwathu kuno ku Feira, panalibe china.

Mayeso ndinakhoza bwino. Ndinapita ku Lusaka kwa azakhali, ndinayenda m'maofesi mpaka nsapato zinatha. Malo kukoleji sanapezeke, ntchito sinapezeke. Ndinabwerera kuno ndi satifiketi m'pulasitiki, komanso pathupi pa mwamuna amene sanandiperekeze n'komwe kokwerera basi.

Ndinayamba kugula nsomba kwa asodzi obwera ndi mabwato kuchokera ku Zumbo, tsidya la mtsinje. Ndinkawamba pende ndi mcheni n'kumagulitsa pamsika. Mtima unali wowawa. Ndinkaona kuti amayi anzanga si a msinkhu wanga, koma tsiku lililonse ndinkakhala nawo pa utsi umodzi. Ndinayamba kachasu wa masau, poyamba pang'onopang'ono, kenako dzuwa likangopendeka. Ndikaledzera ndinkawatukwana m'Chingerezi, n'kumawakumbutsa kuti ine ndinamaliza sukulu. Kutchalitchi ndinasiya. Ndinkati ngati Mulungu alipo, ndiye kuti anandinamiza.

Mwana wanga Malita anabadwa wabwinobwino. Atangoyamba kuthamanga ndi anzake, malungo anamugwira n'kukwera kumutu. Anagona m'chipatala nthawi yaitali. Moyo anapulumuka, koma mwendo wamanzere unayamba kukoka ndipo lilime linalemera. Mawu amodzi ankalimbana nawo mpaka womvera ankatopa.

Anzake atayamba giredi wani, ine ndinamusunga pakhomo. Ndinkati sukulu inandilephera ine wa mutu wabwino, nanga uyu ikamuchitira chiyani? Komanso ndinkachita naye manyazi. Alendo akabwera ndinkamutuma kuseri.

Tsiku lina kunabwera mayi wina kudzagula nsomba pakhomo. Anali Madamu Sakala, mphunzitsi wa pasukulu ya mpingo wathu uno. Anaona Malita atakhala pafupi ndi thandala la nsomba, akujambula pansi ndi kamtengo.

"Mwanayu amaphunzira kuti?" anafunsa.

"Ameneyu saphunzira, madamu. Mutu unawonongeka. Mayeso sangakhoze."

"Sindinafunse za mayeso, amake mwana. Dzina lake ndani?"

Sanadikire kuti ndiyankhe. Ananjuta n'kumufunsa mwiniwake, ndipo anakhala chinjutire mpaka Malita anamaliza kutchula dzina lake. Kenako anati ndibwere naye Lolemba.

Ndinamupititsa, koma musaganize kuti mtima unali utasintha. Ndinaona kuti mwana akakhala kusukulu, ine ndizimwa popanda maso ondiyang'ana.

Mukudziwa kuti m'njira ya kusukuluko nthawi zina mumadutsa njovu, ndipo ana amayenda m'gulu. Malita ankatsalira. Patapita masiku ndinaona kuti m'mawa uliwonse ana a m'kalasi mwake akuima pakhomo panga, wina n'kumutengera chikwama, onse n'kumayenda mayendedwe ake. Ndinamva kuti Madamu anawauza kuti sadzakalipira mwana wochedwa chifukwa choperekeza mnzake. Ine sizinandikhudze. Ndinkangoti ana a masiku ano alibe chochita.

Chaka chachiwiri, zotsatira za mayeso a pakati pa temu zinatuluka, ndipo Malita anali wotsiriza. Nkhani inafika kudooko ine ndisanaimve. Mayi wina amene ndinkakonda kumunyoza anafuula kuti, "Mwamva? Mwana wa Giredi Twelofu ndiye watsekera kalasi!" Onse anaseka.

Ndinasiya nsomba pomwepo n'kupita kukamwa. Dzuwa linali la Okutobala, lija lotentha mpaka m'mafupa. Nditafika kunyumba ndinapeza Malita akutsuka mbale. Ndinamuyang'ana n'kunena mawu amene mpaka lero amandiwawa ndikawakumbuka. Ndinati, "Bola ukanangofa ndi malungo aja."

Sanalire. Anamaliza mbale zake, anaziika pathandala, n'kukakhala pansi pa mtengo.

Kutacha ana anabwera n'kumutenga monga mwa masiku onse. Ine ndinawatsatira pambuyo, cholinga chokamuchotsa sukulu. Ndinafika maphunziro atayamba, ndiye ndinaima pawindo.

Malita anali ataimirira, buku lili m'manja. Inali nthawi yake yowerenga. Chiganizo chinali chachifupi, koma iye anali atakakamira pa mawu achiwiri, milomo ikunjenjemera. M'kalasi monse munali zii. Mwana wina anafuna kumunong'oneza, Madamu anangokweza dzanja. Anadikira. Malita anayesanso, anayesanso, mpaka mawu anatuluka. Atafika pamapeto, kalasi yonse inawomba m'manja ngati wamwetsa chigoli.

Ndinakumbuka kalasi yathu kale. Ife tikanaseka, ndipo woyamba kuseka ndikanakhala ine.

Madamu anandiona n'kutuluka. Ndinalimba mtima n'kunena kuti, "Ndabwera kudzamutenga. Akungokutayitsani nthawi."

Ananditengera pamthunzi. Sanandikalipire, ngakhale fungo la dzulo linali likadali pakamwa panga.

"Amake Malita," anatero, "mayeso timawafuna, ndipo ana athu timawalimbikitsa kuti akhoze. Koma mpingo sunamange sukulu ino kuti izisefa ana, anzeru apite, ena atayidwe. Mwana aliyense anamulenga ndi Mulungu. Ntchito yathu ndi yakuti amudziwe amene anamulengayo, adziwe kuti moyo wake ndi wamtengo wapatali, ndipo nzeru zimene anapatsidwa, kaya zambiri kaya zochepa, azikulitse kuti atumikire nazo anzake. Ana mwawaona aja, masamu akuphunzira kwa ine. Koma kuleza mtima akuphunzira chifukwa Malita ali pakati pawo. Chimenecho ine sindingachilembe pabolodi."

Ndinati, "Nanga adzadya kuleza mtimako? Ine ndinakhoza, ndili pati lero?"

Anandifunsa kuti, "Kodi anakuuzani ndani kuti moyo wanu unatha tsiku limene maofesi anakukanani?"

Ndinabwerera ndekha, mwana ndinamusiya m'kalasi. Tsiku limenelo sindinapite kumsika, sindinapitenso kukamwa. Ndinangokhala pakhonde, funso lija likundizungulira m'mutu.

Masana Malita anabwera. Anaika chikwama, anatunga madzi mumtsuko ndi kapu n'kudzandipatsa atagwada. Kenako anayamba kulankhula, pang'onopang'ono monga amachitira, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamudikira osamudula mawu.

"Amayi, Madamu amati Mulungu sanalakwitse pondilenga ine." Anapuma. "Lero ndawafunsa za inu. Akuti inunso sanalakwitse."

Abale anga, kapu inagwa. Mwana amene ndinamufunira imfa dzulo lake anapita kusukulu kukandifunsira kwa aphunzitsi ngati nanenso ndili ndi malo kwa Mulungu. Ndinamukumbatira n'kulira mokweza mpaka anansi anatuluka. Ndinamupempha kuti andikhululukire. Iye anangondipukuta misozi ndi yunifomu yake.

Kupemphera ndinali nditaiwala. Ndinamuuza kuti andiyambire, ndipo anandiyambira pemphero limene amanena m'mawa kusukulu. Ndinkatsatira pambuyo pake, mawu ndi mawu. Litatha ndinawonjezera anga. Ndinati, "Yesu, ndatopa. Ngati mukundifunabe, ndine pano." Mtima unapepuka mwa njira imene sindingathe kuifotokoza.

Sindikunamizani kuti mowa unatha tsiku lomwelo. Ndinagwa kangapo. Koma amayi a mumpingo muno ankabwera kudzandidzutsa, ndipo mmodzi mwa iwo anali yemwe uja anandiseka kudooko. Tinapepesana. Lero ndi mnzanga wapamtima, timawamba nsomba pa moto umodzi, ndipo papita zaka kachasu asanadutse pakhosi panga.

Malita wabwereza makalasi ena. Pano ali giredi seveni, ndi wamtali kuposa onse m'kalasi mwake. Kaya mayeso adzakhoza, sindikudziwa, ndipo tikupempherera. Koma amawerenga Baibulo yekha. Mbande za m'dimba la sukulu amasamalira ndi iye, ndipo m'manja mwake sizifa ngakhale dzuwa litakwiya bwanji. Ana ang'onoang'ono akalira amathamangira kwa iye.

Inenso sukulu yanga ija yapeza ntchito. Masana, malonda akachepa, timakhala pansi pa mtengo wa masau ndi amayi anzanga, ndimawaphunzitsa kuwerenga ndi kulemba. Wina ndi wachikulire kuposa amayi anga ondibereka. Tsiku limene analemba dzina lake koyamba anavina mpaka chitenje chinamasuka. Ndinazindikira kuti nzeru zimene Mulungu anandipatsa sanandipatse kuti ndizidzikweza nazo. Anandipatsa kuti zifike kwa ena.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha sukulu imene imatsegula tsiku ndi pemphero, n'kumachitadi zimene yapempherazo. Ndikuthokoza chifukwa cha aphunzitsi amene amaona mwana asanaone mamakisi ake a mayeso. Koposa zonse ndikulemekeza Yesu, amene anandifunafuna ine wodzikuza, n'kundipeza kudzera mwa mwana wa lilime lolemera.

Tsono ndili ndi pempho. Ndikudziwa kuti m'midzi yathu, kuyambira kuno ku Boma mpaka ku Katondwe, muli ana amene akubisidwa kuseri kwa nyumba. Wina samva, wina amagwa khunyu, wina amachedwa kugwira zinthu. Makolo anzanga, atulutseni. Ngati mukuchita mantha kukaonana ndi aphunzitsi nokha, mundipeze pakhomo tikatuluka, tidzapitira limodzi.

Ndipo iwe amene wakhala kumbuyoko, amene unadziweruza kale kuti za iwe zinatha, usabwerere kunyumba ndi katundu ameneyo lero. Abusa ali pano, amayi a pemphero ali pano, inenso ndili pano. Nyamuka ubwere monga ulili. Yesu akulandira.

Dzina la Ambuye lilemekezeke. Ameni.