Kabokosi ka pa mwendo wa a Fakiri

Ine, Rahila Abdallah, wa zaka 38, wa m'mudzi wa Kalilu kwa Malengachanzi, wogulitsa usipa pa Chia, ndikunena izi pano pa polisi.

Amuna anga a Fakiri anathyoka mwendo chaka chatha, bwato litawagwera pamsongolo. Kuchipatala anawamanga chikhakha, koma dzinja lonse linatha fupa osagwirana. Kenako dokotala wina wochokera kunja anatibwereka kabokosi koyendera mabatire, ka mawaya awiri omata pachikhakhapo. Anati kamphamvu kake ka magetsi kamadzutsa fupa kuti ligwirane, ndipo kakalephera ndiye kuti mwendo udulidwa. Kanali kamodzi kokha chipatala chonsecho.

Lachisanu, itatha swala ya kumzikiti, cha m'ma 2 koloko masana, ndinawakhazika pakhonde la golosale pomwe amuna amasewera bawo. Ankakamba zandale, paja masiku ano aliyense pakamwa mpotsegula. Raston, mneba wathu, anaona kanyali kofiira ka kabokosiko kakuphethira kunsi kwa nsalu yomwe ndinawafunditsa. Anadzambatuka. "Akutijambula mawu! Awa ndi akazitape aja ankatigulitsa kale!"

Kazitape wanji woti kuchimbudzi amapita nditamugwirira? Ndinati, "Iwe Raston, amenewo ndi mankhwala a mwendo, kafunse kuchipatala." Iye anati, "Mankhwala a mawaya munawaona kuti, mayi?" Basi anazula mawaya aja amuna anga akukuwa, natenga kabokosiko, nathamanga mpaka pamlatho, nakakaponya m'madzi. Amuna onse aja, ndevu pepeya, palibe anadzuka. Wina mpaka anapitiriza bawo.

Ndakwiya, bwana, ndipo zimenezo mulembe, musadumphe. Raston yemweyu ali mwana ankadya mpunga m'nyumba mwanga. Ufulu tinauvotera uja ndi umenewu, wozula mankhwala pamwendo wa wodwala?

Dzulo tinabwerera kwa dokotala uja. Anagwira mwendowo, fupa likugwederabe. Anati kabokosi kena alibe, tikonzekere ulendo wa ku Lilongwe wokadulitsa mwendowo. Titafika kunyumba tinapeza nkhuku yomanga miyendo pakhomo, akuti ndi chipepeso cha Raston. Ndinaibweza. Aphike adye yekha.

Madzulo ake a Fakiri, munthu woti chithyokereni sanasiye kusoka maukonde awo podikira tsiku lobwerera panyanja, anandiitana. Anati, "Amake Amira, mundipezere wogula maukondewa."

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi, ndipo ndinaziona ndi maso angawa.

Wodandaula: Rahila Abdallah (wadinda chala)