Kaliyala wa pa Denga la Nsalu

Apenshoni, amene anthu anawapatsa dzinali tsiku lomwe anathira ndalama zonse zopumira ntchito pa galimoto yofiira ya mipando iwiri, anatsala ndi m'mawa umodzi wokha woti aipulumutse. Mayi a kunyumba, omwe ndi namwino ndipo amapita kuntchito pa njinga, anali atatopa n'kunyowa ndi mvula pamene pakhomo pali galimoto, ndiye anagamula: akabwerako kumsika wani koloko n'kupeza kuti galimotoyo singanyamule njinga yawo, Lolemba ikagulitsidwa.

Motero Apenshoni anaitana mlamu wawo, mlongo wa mayiwo, mmisiri wowotcherera zitsulo. Ntchito amaidziwa munthu ameneyu, palibe angatsutse. Vuto lake ndi limodzi: zimene wawauza ndi zimene achite, osaonjezera, osachotsera, ndipo amayamba azilemba ndi choko pakhoma.

"Alamu, nayu kaliyala," anatero Apenshoni, akukankha katoni ndi phazi. "Mumuike pamwamba, njinga ikwere, alongo anu atseke pakamwa. Ntchito ya mphindi khumi."

Amisiri anazungulira galimoto kawiri, manja kumbuyo. Kenako anadina denga ndi chala. Linalowa m'kati, n'kubwerera.

"Denga lake ndi nsalu."

"Limapindika kuti munthu uzipitidwa mphepo. Chotsanipo chala."

"Kaliyalayu ndi wa denga lachitsulo. Pakatonipa ajambulapo minibasi."

"Chithunzicho n'chokongoletsa chabe."

"Pepala la malangizo lili kuti?"

"Ndinapukutira galasi. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala ndikulembera anthu malangizo kuntchito. Lero ndiyambe kuwerenga a eni ake?"

Kunena zoona, minibasiyo Apenshoni anaiona ali m'sitolo momwemo, wogulitsa anawachenjezanso. Koma kuvomera kulakwa pamaso pa mlamu n'chimodzimodzi kuvomera pamaso pa mkazi, chifukwa nkhani imafika dzuwa lisanalowe.

Amisiri anatulutsa choko m'thumba la ovolosi. "Nenani, ndilembe."

"Musaboole."

"Mu-sa-bo-o-le."

"Musakande penti. Musakhudze denga. Ndipo chinthucho chilimbe, chisagwedezeke."

"Basi?"

"Basi. Kodi n'zovuta?"

"Kuvuta ayi. Mundipatse ola limodzi."

Apenshoni anakalowa m'nyumba kukamwa tiyi, mtima uli m'malo. Atatuluka, kapu inatsala pang'ono kuwapulumuka. Pamwamba pa galimoto panali kaliyala ndithu, koma atakhala pa miyendo inayi yachitsulo, ndipo miyendoyo itaima pa simenti ngati ya tebulo.

"Ichi n'chiyani, alamu?"

"Kaliyala."

"Waima pansitu."

"Eya. Sindinaboole, sindinakande, denga sindinalikhudze. Tagwedezani muone."

Anagwedeza. Sichinasunthe n'komwe.

"Nanga galimoto ikanyamuka?"

"Ituluka bwinobwino. Ndasiya mpata mbali zonse."

"Njinga n'kutsala pano?"

"Pamwamba. Agalu sangaifikire."

Apenshoni anaika kapu pawindo pang'onopang'ono, poopa kuti angaigwiritse ntchito ina. "Alamu, ndikufuna njinga izipita kumene galimoto ikupita."

Amisiri anatembenukira kukhoma, anawerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, akuloza ndi choko. "Zimenezo palibe apa."

"Zimenezo sanena. Munthu amangodziwa."

"Ine zongodziwa ndinasiya. Chaka chija ndinangodziwa kuti geti lanu likufunika kutsekukira kunja, munandinena mpaka pa maliro a azakhali."

"Chabwino, ndanena tsopano. Lembani."

Analemba. Kenako anakanda m'mutu. "Ndiike mawilo a wilibala kumiyendoku, muzikoka ndi chingwe?"

"Kodi inu ndi alongo anu munapangana?"

"Za chiyani?"

"Zoti galimoto yanga ipite."

"Ayi. Iwo anangoti ndichite zimene mundiuze."

Apenshoni anayang'ana wotchi. Leveni inali itadutsa. Anthu amaseka, inde, koma sadziwa kuti bambowa moyo wawo wonse anayenda atapanikizidwa m'minibasi, thumba la mwini wake pamwendo, mwana wa mwini wake akuwakoka tayi. Galimoto iyi inali chinthu choyamba chimene anadzigulira okha popanda kufunsa munthu, ndipo ankaikonda mochititsa manyazi.

Amisiri anali atagona chagada, mutu uli kunsi kwa galimoto. Mawu anatulukira cha kumatayala.

"Kuno kuli mabowo akale, a ku fakitale. Miyendo ndikhoza kuipinda, ndiimange kunsi kuno ndi mabauti. Kumeneko si kuboola. Mabowo ndawapeza."

"Mwaona tsopano? Mutu umodzi susenza denga."

"Ili ukhoza kusenza. Ndi lansalu."

"Tiyeni nazo, alamu, nthawi yatha."

Amisiri anatuluka, anasasa fumbi, n'kuloza kuseri kwa chitseko. "Miyendo yakumbuyo ikwerera apa."

"Iyayi. Apo mubisa mzere wasiliva. Mzere umenewo ndi umene anthu amauona ndikamadutsa. Ikwerere apa."

"Apo pali chitseko."

"Ndikuona kuti pali chitseko. Maso ndili nawo."

"Chitseko chimatsekuka."

"Alamu, galimotoyi ndi yanu kapena yanga?"

"Yanu."

"Ndiye lembani. Mbali zonse ziwiri, zifanane."

Amisiri analemba, anaonjezera kamtanda pa simenti pomwe chala cha Apenshoni chinaloza, n'kuyamba kupinda zitsulo akuimba mluzu. Ikamakwana thwelofu, kaliyala anali atakhala pamwamba pa denga osalikhudza, miyendo yake itagwira kunsi kwa galimoto. Anakweza njinga awiriawiri, wina handulo, wina kumbuyo. Atangoisiya, inapendekeka, ndipo Apenshoni anaiwakha ndi phewa isanagunde penti.

"Pakufunika chingwe," anatero Amisiri.

"Chingwe? Pa galimoto iyi? Anthu aziti ndanyamula mbuzi?"

"Mphira."

"Mphira ndiye ayi ndithu."

"Tiigoneke."

"Njinga yogona ikuoneka ngati yatoledwa pangozi. Iime chilili, alongo anu aionere kutali."

"Ndiye ndimange ndi chiyani?"

"Mmisiri ndinu. Ine chimene ndikufuna n'chakuti njinga imeneyi isatsike. Kaya ndathamanga bwanji, kaya ndi mphepo, kaya ndi mabampu, isatsike."

Choko chinaima m'malere. "Isatsike mpaka liti?"

"Isatsike basi."

"Ngakhale munthu ataikoka?"

"Ngakhale anthu khumi."

"Anthu khu-mi," anatero Amisiri akulemba. "Mundibwereke mabulangete awiri. Onyowa."

"A chiyani?"

"Ofunditsa denga."

Safunsa anadya phula. Apenshoni akanafunsa funso limodzi lokha pamenepa, nkhaniyi ikanathera kwina. Koma maganizo awo anali pa kusamba ndi kuvala, kuti mayi akawapeze ali pachiwongolero ngati munthu wa pa kalendala. Anaponya mabulangete m'beseni n'kuthamangira kubafa. Ali komweko anamva kuthetheka kwa moto wowotcherera, anaonanso kuwala kukuphethira pawindo. Anati mumtima mwawo: akulimbitsa miyendo ya kaliyala, mlamu wanga ndi munthu.

Anatuluka ali ndi chipewa chachikopa, magalasi akuda ndi magolovesi odula zala. Njinga inali chilili pamwamba, yowongoka ngati msilikali. Anaikankha. Anaikoka. Analendewera pa pedulo ndi thupi lonse, galimoto inagwedezeka, njinga ayi.

"Alamu," anatero, "za geti zija ndakukhululukirani."

"Zikomo."

"Tsopano galimotoyi ndiisunthire kutsogoloko, alongo anu akaipeze ikulira."

Anatsekula chitseko. Chinayenda pang'ono n'kuti kho, pa mwendo wa kaliyala. Mpata wake unali wongokwana mkono ndi phewa. Anatseka, anatsekulanso, ngati chitseko chisintha maganizo. Kho.

"Chitsekochi chatani?"

"Chagunda mwendo."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinati chitseko chimatsekuka. Munandifunsa kuti galimoto ndi ya ndani."

Apenshoni si munthu wogonja kwa chitseko. Analowetsa mwendo wakumanzere, kenako phewa, kenako mutu. Chipewa chinagwera pampando. Zitafika pa mimba, ulendo unaima.

"Kokani mimba."

"Ndakoka kale."

"Ina yatsala."

"Kankhani, musamangoyang'ana."

"Ndikankhe inu kapena chitseko? Chitseko chikandika penti."

"Ine, alamu, ine."

Amisiri anaika phewa pamsana pa mlamu wawo n'kukankha mokhulupirika. Galimoto inasuntha pang'ono. Apenshoni anatsala pomwepo, akupuma ngati mvukuto.

"Mbali inayo?" anafunsa ndi kamawu kakang'ono.

"Chimodzimodzi. Munati zifanane."

"Pindani denga, ndilowere pamwamba."

"Munati ndisalikhudze. Komanso silingapindike, ligunda kaliyala."

"Dulani mwendo uwu."

"Wanu?"

"Wachitsulo."

"Ndikadula, njinga igwera pa denga. Ndipo pakhomapa mwati isatsike."

Nthawi yomweyo geti linalira. Mantha amachepetsa munthu kuposa mankhwala alionse: Apenshoni anadzisolola kamodzi kokha, mabatani awiri a shati n'kudumphira pansi pa galimoto. Anaima pambali, anatsamira boneti, dzanja limodzi litagwira shati pamimba.

Mayi analowa ndi dengu. Anaima. Anayang'ana njinga, anayang'ana miyendo yachitsulo, anazungulira kamodzi.

"Yakwera," anatero mayi.

"Yakwera, mayi. Mawu anu aja?"

"Mawu anga ndi amodzi. Siigulitsidwa."

Apenshoni anatseka maso. Akanakhala okha akanaipsompsona boneti.

"Tsopano itsitseni," anatero mayi. "Thu koloko ndikuyamba ntchito."

"Alamu, tsitsani."

"Siitsika."

"Musaseleule, mayi achedwa."

"Ndawotcherera. Malo asanu ndi amodzi. Matayala okha ndi amene mungachotse, koma munati ngakhale anthu khumi, ndiye nawonso ndawagwirako."

Mayi anaika dengu pansi. Mlongo wawo anawalozera khoma, iwo anawerenga mzere ndi mzere, milomo ikuyenda. Sanakalipe. Chimenecho n'chimene chinawaopsa Apenshoni, chifukwa pa zaka zonse za banja lawo mayiwa akakhala chete ndiye kuti china chapsa.

"Chabwino," anatero pomaliza. "Mundiperekeze pa galimoto, bambo."

"Salowa," anatero Amisiri. "Tayesa. Mimba."

"Alamu, palibe wakufunsani."

Mayi anakalowa m'nyumba. Patapita mphindi zisanu anatuluka atavala yunifolomu yoyera, anatambasula dzanja, ndipo makiyi anachoka okha m'magolovesi a Apenshoni. Anatsekula chitseko mpaka pa kho, anatembenukira cham'mbali, n'kulowa ngati kalata mu envulopu. Anakoka mpando, anakonza galasi, anatola chipewa chachikopa n'kuchiyesa. Chinawakwana.

"Mayi, imeneyo si njinga. Giya yachiwiri imafuna ulemu."

"Laisensi ndinatenga inu musanagwirepo chiwongolero. Mwaiwala amene ankayendetsa ambulansi dalaivala akaledzera?" Analiza injini, anaponda kawiri, anamvetsera. Nkhope yawo inasintha, ndipo Apenshoni anaizindikira nkhope imeneyo, chifukwa ndi yomwe iwo anali nayo tsiku logula. "Koma imakoma chonchi? Bwanji simunandiuze? Kumene kuli njinga yanga n'kumene ndizikhala ine. Mvula igwe tsopano."

Galimoto inatuluka pageti, inakhota bwino kwambiri kuposa mmene mwini wake amakhotera, belu la njinga likulira lokha pa bampu iliyonse. Otsala pabwalo anamva giya yachiwiri, yachitatu, kenako zii.

Apenshoni anaima pakati pa bwalo ndi magolovesi, shati ili pululu. Amisiri ankapinda mawaya awo, akuimba mluzu.

"Mwapambana, alamu. Siigulitsidwa."

"Mawa m'mawa mubwere ndi chodulira. Mudule zonse, miyendo, kaliyala, njinga, zonse."

"Ndidula, akanena."

"Akanena ndani? Ndanena ine. Tulutsani choko, mulembe."

Amisiri anayang'ana fumbi limene linali lisanakhazikike pageti, n'kubweza choko m'thumba.

"Pepani alamu. Ine za galimoto ndimamvera amene wagwira makiyi."