Kabokosi m'Chitini cha NyaShaba

Zaka zija ndangopuma kumene ntchito ya nkhalango ku Luwawa, ana inu, mwana wathu Tiwonge anatitumizira laputopu kuchokera ku Joni, pamodzi ndi kabokosi ka wayifayi kamene mukukanyozaka. Kangathamange bwanji mutakaunjikira nonse ngati nkhuku pa gaga? Ikani kaye mafoniwo pansi, netiweki sithawa.

Kale munthu akapita ku Joni tinkangodikira, miyezi n'kumatha osamva mawu ake, ndipo mtima unkazolowera. Koma za masiku anozi zimapweteka mwa mtundu wina: munthu wako ukumuona, ukati umulankhule, nkhope yauma pagalasi.

Tiwonge anali atabereka mwana wamkazi, ndipo mkazi wanga, malemu NyaShaba, maso ake anali atayamba ng'ala. Ankafuna chinthu chimodzi basi, kuona nkhope ya mdzukulu wakeyo maso asanatsekeke. Koma Lamulungu lililonse tikabwera ku tchalitchi n'kuyatsa laputopu, pa timizere ta netiweki tija pankatsala kamodzi, chithunzi n'kumabwera zidutswazidutswa, mawu ngati a munthu wachibwibwi.

"Awiske Tiwonge, uyu ndi mwana panji ndi pilo?" ankatero NyaShaba m'Chitumbuka chake, kundiitana kuti bambo a Tiwonge, mphuno ili pagalasi. Tinkaseka, koma akatembenuka ndinkamuona akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Ndinayesa zonse. Tiwonge pafoni ankati zimitsani muyatsenso, ndipo ndinazimitsa mpaka chala kuwawa. Anati fufutani dzina la netiweki mulembenso nambala yachinsinsi, ndinalemba. Ndinanyamula laputopuyo mpaka pa Boma, okonza makompyuta n'kuilumikiza pa wayifayi yawo, ndipo inayenda myaa. "Bambo, makinawa alibe mlandu," anatero, "kafufuzeni kunyumba."

Paja akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndili m'minibasi pobwerera ndinakumbukira nsanja yathu yolondera moto ku nkhalango ya Luwawa, mmene wailesi yolankhulirana inkamvekera bwino pamwamba pa phiri, koma ukatsikira kudambo pakati pa mapaini inkangoti shiii. Ndiye ndinadzifunsa: nanga kabokosi kathu timakasunga kuti?

Musaseke, inu. NyaShaba chinthu cha mtengo wapatali sankachisiya poyera. Makapu a ukwati wathu sitinamwerepo tiyi mpaka lero. Kabokosiko anakakulunga m'kansalu koluka yekha, n'kukaika m'chitini cha mabisiketi, chitinicho pansi pa kabati kuchipinda, kuseri kwa makoma a njerwa zowotcha, waya wokha ndiwo unkasuzumira kunja. Ine ndinkaona zimenezi tsiku ndi tsiku, n'kumati mkazi wanga ngwosamala.

"Tikatulutse," ndinatero.

"Ndapota, fumbi la Mzimba mukulidziwa," anayankha. "Kakawonongeka mbwenu Tiwonge timuuza chiyani?"

Tinakangana mpaka tinagwirizana kuti kakhale pawindo loyang'ana ku Jenda, kumene kuli mlongoti wa mafoni, koma kansalu kake kayalidwe pansi pake. Timizere tija tinadzaza tonse, ndipo Tiwonge atayankha, mwana uja anaoneka mbee, mpaka timatuza ta malovu pakamwa. NyaShaba anayang'ana nthawi yaitali osaphethira, kenako anati, "Yewo Chiuta. Koma kalanga ine, mwana wamkazi watenga makutu anu!" Tinaseka, tonse atatu tikulira.

Dzinja lisanathe maso aja anatsekeka, koma nkhope ija anali ataisunga, moti ankaifotokozera amayi anzake a ku tchalitchi ngati anamunyamulapo mwanayo. Chaka chotsatira anatisiya. Masiku ano mdzukuluyo amandiimbira yekha, chithunzi chosadukiza n'komwe, ndipo ndimapezeka ndasendera kumapeto kwa benchi kusiya malo a munthu woti kulibe. Ndimamusowa, ana inu, ndimamusowa kwambiri.

Tsono netiweki ikakuvutani musathamangire kutukwana makina, yambani mwaona pamene mwaika kabokosi. Ndipo amene muli ndi amayi kutali, senderani pawindopo muwaimbire lero, maso awo akadaona. Kansaluko kokha musakasunthe.