Kabotolo ka Atate pa Zenela la Mpongozi

Atate anga, a Daka a ku Ndake, anawachotsa chotupa cha khansa m'chikhodzodzo chaka chatha, ndipo adokotala anati nthendayi imatha kubwelela mwakachetechete, choncho mkodzo wao uzipimidwa kawilikawili. Ndikulemba izi ndi manyazi, koma zinachitika: atafika ndi amai pachipatala ku Petauke, atate anasuzumila pazenela polandilila tibotolo, napeza kuti wokhala pamenepo ndi mpongozi wao, alamu anga a Mildred, mkazi wa akulu anga a Josphat, ndipo anabwelela chafutambuyo mpaka kuseli kwa thanki yamadzi.

"Amake Josphat! Psii! Bwelani kuno."

"Mwataya chani kuseli kwa thanki?" amai anafunsa, kabotolo kopanda kanthu kali m'manja.

"Bisani chimenecho! Mwaona amene ali pazenela?"

"Ndaona. Ndi Mildred. Wanenepa."

"Sindinafunse za thupi lake. Inu munandiuza kuti amagwila ntchito m'chipatala."

"Nanga muno ndi m'chigayo?"

"Ine ndimayesa amapeleka mapilitsi!"

"Mukanafunsa. Amalandila mikodzo."

"Musafuule mau amenewo, mai inu."

"Alembedwa pakhoma. Onani, zilembo zazikuluzikulu."

Atate anakokela chipewa kumaso. "Tiyeni kunyumba."

"Osapeleka?"

"Mwana amene akandiona panjila amapatuka n'kukagwada m'udzu, mwana amene sanandionepo ndikutafuna, lelo ndimupatse zimenezi m'manja?"

"M'manja iyayi. Pali kathileyi."

"Kathileyi!"

"Ee. Inu muika, iye atola. Monga amachitila ndi madzi osamba akabwela kumudzi. Iye aika pansi n'kuchoka, inu mutola. Lelo mwangosinthana."

"Madzi osamba ndi madzi osamba."

"Awanso ndi madzi."

Atate anayang'ana kumwamba ngati akufuna mboni. "Mvelani. Ku Nyimba, pafupi ndi msika, kuli kachipatala ka munthu. Amapima mkodzo kumeneko. Wopimayo ndi mwamuna, wadazi, si m'bale wa aliyense."

"Wadazi uja amapima shuga. Kupima kofufuza khansa, khadi lathu la inshuwalansi limalipila pano. Kwina salilandila."

"Khadi limadziwa mwambo?"

"Limadziwa dzina lanu ndi nambala."

"Ndiye ndigulitsa ng'ombe, ndikapimitse ku Lusaka ndekha."

"Ng'ombe iti? Inzake tinagulitsa khadi lisanabwele. Yotsalayo mukagulitsa, pangolo mudzaima ndinu, ndipo thonje la chaka chino lachuluka."

"Chabwino. Kapelekeni inu. Munene kuti ndi wanu."

"Akapezamo matenda adzadula ine."

"Munene kuti ndi wa munthu wina wakumudzi."

"Ndani?"

"Aliyense! A Amon."

"A Amon alibe khadi. Ndiponso ali bwinobwino, dzulo lomweli amakhoma denga. Muwaikilenji khansa munthu wosalakwa?" Amai anatembenuza kabotolo. "Komanso alembapo kale. Bonaventure Daka."

"Walemba ndani?"

"Mildred. Ali ndi dzanja labwino mwana uja."

Atate anagwila thanki. "Dzina langa loyamba? Mpongozi?"

"Sanalitchule. Wangolemba."

"Mayo ine!"

"Ndipo polemba anawelama pang'ono. Ulemu unalipo."

Apa atate anayamba kusinthanitsa miyendo, uwu pansi, uwu m'mwamba, ngati aima pamchenga wotentha wa ku Luangwa.

"Chimbudzi chili kuti?"

"Uko, chitseko chobiliwila." Amai anatambasula dzanja. "Tengani botolo."

"Ndifuna chimbudzi chabe."

"Chimbudzi chipita ndi botolo."

"Wanena ndani?"

"Ndanena ine." Amai anamangitsa chitenje, nakaima pakanjila kopita kuchitseko chobiliwilacho. "Thobwa lija ndinakugulilani pa Nyimba, munamwa chigubu chonse n'kunyambita milomo, sikuti chinali chikondi. Adokotala anati mubwele mutamwa. Zili m'mimbamo ndi za khadi, sizitayika pachabe."

"Kuyambila liti mkodzo wanga ndi wa khadi?"

"Kuyambila pamene linavomela kuulipilila. Inu munavomelapo kulipilila mkodzo wa munthu?"

"Patukani, amake Josphat."

"Botolo."

"Ndipita kuseli kwa mpanda."

"Kuli alonda. Ndipo zenela la Mildred lakumbuyo layang'ana komweko."

Atate anabwelela pathanki, napingasa miyendo. "Ndiye basi, ndasankha. Ndibwelela ku kamela."

"Kapaipi kaja ka kamela kamene amakulowetsani kunjila ya mkodzo?"

"Komweko. Wogwila kamela ndi mlendo."

"Kaja munalila nako mpaka kuitana amai anu amene anamwalila kalekale?"

"Sindinalile. Ndinali kuimba."

"Nyimbo yanji ya 'mayo, mayo, ndafa ine'? Kutchalitchi sindinaimvepo."

"Ndi yakale."

"Adokotala anati botolo likamayela, kamela idzabwela patalipatali. Inu mukufuna muziiimba kawilikawili nyimbo yakaleyo?"

Atate anapumila m'mwamba, thukuta lili pamphuno. Kenaka maso ao anawala.

"Nkhuku!"

"Ili kuti?" amai anacheuka.

"Mwambo umati mpongozi asanalandile chinthu kwa apongozi ake, pamafunika nkhuku yomasula. Nkhuku tilibe. Tibwele tsiku lina."

"Khadi sililipila nkhuku. Ndinafunsa za basi anakana, nkhuku adzavomela?"

"Sindinati khadi! Ndati mwambo!"

"Mwambo umenewo mwaupanga manje, kuseli kwa thanki ino. Chaka chatha munamutumizila mbatata, analandila popanda nkhuku."

"Mbatata ndi chakudya."

"Izinso zinali chakudya m'mawa."

"Ala! Mai uyu!"

Atate anavula chipewa, nachiyang'ana m'kati nthawi yaitali. Atalankhula, mau anatuluka otsika.

"Agness."

"Mwandiitana dzina. Mukumva kuwawa?"

"Iyayi. Tamvelani. Ngati chabwelela chinthu chija, woyamba kudziwa ndi mwana ameneyo. Adzabwela kumudzi akudziwa, adzatipatsa moni akudziwa. Ine ndidzaona pankhope pake adokotala asanandiuze. Sindifuna kuimva chotelo imfa yanga, kwa mwana wa eni."

Amai anatsitsa dzanja la botolo. Anaganiza ndithu, monga amachitila akamasankha mbeu.

"Bambo a Josphat, pankhope pa Mildred munayang'anapo?"

"Ine? Mpongozi? Mulungu andikhululukile."

"Iye anakuyang'ananipo?"

"Ngakhale tsiku la ukwati."

"Nanga mukakumana mumaona chani?"

"Duku."

"Ndiye mudzaona bwanji? Duku silinena za khansa."



"Wokuuzani ndi adokotala," amai anapitiliza, "m'chipinda, chitseko chotseka, ine ndili pampando wapambali monga kale. Mildred ndi lamulo lantchito salankhula, ndi mwambo salankhula. M'chipatala chonse chino palibe wina wotsekeka pakamwa kawili ngati iye. Wadazi wanu wa ku Nyimba akanauza msika wonse."

"Nanga ngati chabweleladi?"

"Adzachichotsa chikali chaching'ono. Ndiyo ntchito ya botololi, si lokongoletsa m'nyumba. Ndipo imfa musaitchule, simunamalize khola la mbuzi."

Atate anavala chipewa pang'onopang'ono. Anasuzumila kuzenela kuja kuchokela kuseli kwa thanki. Alamu anali atawelama, akulemba, osayang'ana kulikonse.

"Mwana wamwambo ameneyu," atate anatelo. "Josphat anasankha bwino."

"Pamene anamubweletsa munati ndi woonda."

"Ndimanena nthawi zonse kuti pachipatala pamafunika munthu wako. Inu ndinu mumachedwetsa zinthu. Patsani kuno!"

"Botolo?"

"Nanga chani? Msanga, mai, thobwa silidikila!"

Analanda kabotolo, nathamanga mothimbwidzika, mawondo ali pamodzi, chitseko chobiliwila chinati phwa. Amai anaima panja ngati mlonda.

"Musadzaze mpaka pakamwa! Anati pamzele!"

"Chokanipo!"

"Ndi chivindikilo mutseke zolimba!"

"Chipatala chonse chamva, zikomo!"

Patapita kanthawi atate anatuluka nkhope ili mbee, ngati munthu amene watula thumba la chimanga. Kabotolo anakanyamula ndi zala ziwili, dzanja lina litagwila buluku m'chiuno.

"Tsopano ndipita ndekha," anatelo. "Ndikaika pakathileyi, ndikayang'ana kumbali, ndikaombe m'manja pang'ono, basi. Koma sindingaonekele kwa mpongozi lamba ali lende. Tagwilani pang'ono, ndimange."

Amai anayang'ana kabotolo. Anabwelela phazi limodzi, nabisa manja onse kumbuyo.

"Ine?"

"Inu amene. Kanthawi kochepa."

"Iyayi, a Daka, tilemekezane! Ine ndine mkazi wanu chabe, ndilibe magolovesi. Kapatseni mpongozi wanu."