Mabowo a Padenga

Kwa zaka zitatu a hedi akhala akulembera boma kupempha thandizo lokonzera denga la kalasi yachitatu, ndipo zaka zonsezo boma lakhala likuyankha kuti dengalo silinawonongeke mokwanira. Chaka chino dzimbiri linawachitira chifundo, mabowo anakula bwino kwambiri, koma pobwera kuchokera kutauni ndi zithunzi za mabowowo m'manja, a hedi anapeza mlonda wa sukulu ali pamakwerero akukhomerera chigamba padengapo.

"Bambo mlonda, mukutani pamenepo?"

"Ndamaliza, bwana. Ngakhale dontho limodzi silingalowe."

"Wakutumani ndani?"

"Inu. Munati kukubwera alendo a boma, sukulu ioneke bwino."

"Ndinati musese."

"Eee, ndasesanso."

A hedi anavula magalasi, n'kuwavalanso. Chigamba chinali pomwepo.

"Mukudziwa kuti sukulu ya kutsidya inapeza bwanji thandizo chaka chatha? Khoma linagwa. Ife chiyembekezo chathu chinali mabowo aja. Ndawalera ngati ana, inu mwawatseka tsiku limodzi. Zulani misomaliyo."

"Yonse?"

"Yonse. Oyendera sukulu akabwera mawa apeze denga monga linalili."

Mlonda anakanda kumutu ndi mpini wa nyundo. "Aaa, monga linalili zivuta, bwana. Lata lapakati lija linangofumbutuka m'manja, ndaikapo lina lomwe linali kuseri kwa chimbudzi. Ndiliboole?"

"Boolani."

"Mabowo angati?"

A hedi anamukwezera zithunzi zija. "Tengani. Muzitsatira izi."

Mlonda anaziyang'ana mozondoka, kenako moongoka. "Ndi dzimbiri lomwe? Lijali linatenga zaka."

"Pakani dothi lofiira."

"Koma kunjaku kuli dzuwa, bwana. Bowo padzuwa silidontha."

"Mukwere ndi ndowa yamadzi. Ndikatsokomola, muthire."

"Pa ana?"

"Pafupi ndi ana."

"Anatu anasamuka kale pamenepo. Amathithikana kukhoma."

"Abwerere."

Mawuwo anawachititsa manyazi eni ake, poti ndi iwo amene ankayanika makope a anawo mvula ikakata. Koma chigamba cha mlonda chikanapirira nyengo imodzi yokha, pomwe boma likanapereka denga lonse. Analimba mtima.

"Mwana wanga wamkazi alinso m'kalasi yomweyo," anatero mlonda. "Ali ndi chifuwa."

"Ameneyo akhale pakati penipeni. Chifuwa chithandiza."

"Nanga akatsokomola iyeyo, ndithire?"

"Muzimvetsera. Kutsokomola kwa munthu wamkulu kumadziwika."

"Nanga akatsokomola oyenderawo?"

"Bambo mlonda, aliyense akatsokomola muthire basi."

Mlonda anatsika pang'onopang'ono, naika nyundo pakhonde, napukuta manja pa buluku.

"Chabwino, bwana, ndichita. Koma zonsezi tikuchitira ndani?"

"Oyendera sukulu. Kodi ndinene kangati?"

"A chikwama chakuda aja? Iii, abweratu kale m'mawa, inu muli kutauni. Akuti galimoto yapeza mafuta lero, zamawa sizikudziwika."

A hedi anafunafuna pokhala, n'kukhala pa ndowa.

"Bwanji osanena?"

"Simunafunse, bwana."

"Aona chiyani?"

"Zonse. Anandigwiriranso makwerero, ndi munthu wabwino. Alemba kuti sukulu ino ndi yachitsanzo, imadzithandiza yokha."

"Nanga thandizo?"

"Akuti tiyesenso chaka chamawa, dengalo likawonongeka mokwanira." Mlonda anamwetulira monyadira. "Koma ntchito yanga aikonda. Loweruka mundipatse tchuthi, ndikupita kukamata denga la ofesi yawo. Nawonso akhala akulembera boma zaka zisanu."