Betsy wa a Tarrant

Tinali oimba mavayolini makumi awiri m'holo ya tchalitchi ku Ludlow, tikuyeserera nyimbo imene a Cedric Lambourne anaikonza kuchokera ku kanyimbo kamakolo komwe anakamva kwa mlimi wina wokalamba, a Enoch Tarrant. Tsikulo a Lambourne anawaitana madalawo kuti adzamve, poti mawa lake madalawo anafunika kuima pamaso pa anthu olemekezeka n'kuyamikira.

"Madala, mwaimva nyimbo yanu?" anafunsa a Lambourne, akupukuta thukuta.

"Ayamba nthawi yanji?"

"Ayamba? Angomaliza kumene!"

"Ooo. Ine ndimayesa akudikira woimba."

"Woimba wa chiyani? Pano zingwe ndizo zikulankhula."

"Zati bwanji?"

A Lambourne anatseka maso. "Zikulira, bambo. Mtima wa dziko lino ukulira."

"Pepani. Wamwalira ndani?"

"Palibe wamwalira!"

"Nanga akuikokeranji ngati asenza bokosi?"

"Ndi mmene munandiimbira inuyo!"

"Aaa, mumalemba mochedwa, bwana. Ndiye ndimakudikirani."

Wina kumbuyo kwanga anatsokomola. A Lambourne anamenya tebulo ndi kamtengo kawo kotsogolera nyimbo.

"Nanga pakati paja, pamene zonse zimangoti zii? Pamene mtima umasweka? Masabata atatu ndisakugona chifukwa cha malo amenewo!"

"Pamenepo ndimameza mowa umene munandigulira uja."

"Zokwanira! Anthu osapita kusukulu inu mumasunga golide m'khola, osadziwa."

"Ndayang'anamo m'mawa uno. Muli ndowe zokhazokha."

"Tamverani kuno. Mawa mudzaimirira n'kunena kuti iyi ndi nyimbo ya mnyamata wolira Betsy wake amene anamuthawa. Basi."

"Kuthawa kokha anathawadi."

"Mwamva?" a Lambourne anatembenukira kwa ife, chifuwa chili patsogolo. "Ndinanena ine!"

"Anabowola mpanda ndi mphuno."

"Mtsikana?"

"Nkhumba, bwana. Yaikazi. Nyimboyi amaimba akuithamangitsa m'munda wa kabichi. Agogo anga ankaimba ndi chitsulo m'manja."

"Ayi! Mapepala tasindikiza kale. Ndi mtsikana!"

"Ngati mwatero. Koma anali ndi ana khumi ndi awiri, onse tsiku limodzi."

A Lambourne anakhala pansi. Kamtengo kaja kanagwa, osakatola. Atalankhulanso, mawu anali atachepa.

"Ndiye mukuti m'ntchito yonseyi, chaka chathunthu, simunamvemo kanthu kanu?"

Madalawo anakanda m'ndevu. "Bodza ayi, malo amodzi alipo. Mpaka misozi inalengeza."

A Lambourne anadzuka msanga. "Pati? Pomaliza paja? Pamene mavayolini aakulu amalowa?"

"Ayi, poyamba penipeni. Inu musanakweze kamtengo kanu, aliyense akupotokola zingwe zake, kwiii, kwiii. Pamenepo ndiye mwamutha Betsy, bwana. Mawa mudzangoimba pomwepo."