Makina Nambala Seveni

"Ndiye ndinu munkandisiyira makina nambala seveni ali mafuta okhaokha!" anatero mkulu wa ndodo atamva bambo wina akutchula makinawo pamzere wa opuma pantchito, pageti la fakitale yoluka nsalu.

"Ine ndinkalowa masana, achimwene. Ndinu wam'mawa uja ankamanga chogwirira ndi waya?"

"Ndine! Zaka makumi awiri, osaonanapo nkhope."

"Koma ankalira bwino makina aja. Ulusi ukaduka ndinkamva ndili kumpopi."

"Lero akuti mafayilo athu anasowa, penshoni kulibe mpaka tibweretse mboni yoti tinagwirako ntchito muno."

"Mboni ndi chipsera ichi! Waya wanu uja ndi amene anandicheka."

Mkulu uja anagogoda geti ndi ndodo.

"Bwana, tulukani muone chala ichi, mutiyankhe: munthuyu anachekedwera kuti?"